Zikhomo za nsanza zachikasu

Lachisanu, kumapeto kwa Okutobala.

Ndadzuka mtima uli m'mwamba. Mitambo yayamba kusonkhana cha ku Ntchisi, ndipo ine ndikaona mtambo ndimangoganiza za chigwembe cha m'munda mwa amayi. Chaka chatha chinadya mizere ya kumunsi pamodzi ndi chimanga chake. Chikapitiriza chaka chino chifika pakati pa munda, ndiye tidzalima pati?

Lachitatu kunabwera alangizi a bungwe lina losamalira nthaka, mayi oyenda pa njinga yamoto. Anati mizere yathu imatsetsereka ndi phiri, n'chifukwa chake madzi amathamanga. Anali ndi mitengo itatu yomangidwa ngati chilembo A, pakati pakulendewera mwala pa chingwe. Nditaweruka kusukulu ndinawathandiza. Mwala ukaima pakati penipeni, tinkakhoma chikhomo. Zikhomozo ndi zotitsogolera pounda akalozera, mizere ikuluikulu yopingasa phiri kuti madzi aziima. Pofuna kuti zizioneka m'mapesi, alangizi anang'amba chitenje chawo chakale n'kumanga kansanza pa chikhomo chilichonse. Chitenjecho chinali chachikasu. Palibe anaganizapo kanthu.

Lero madzulo ndinakwera kumunda ndi khasu, n'kupeza atsibweni, alongo awo a amayi, atapanira zikhomo zonse m'khwapa.

"Atsibweni, mwazuliranji?"

"Iwe, sukulu yakutseka maso? Mtundu uwu sukuudziwa? Munda wa makolo athu mwauveka yunifolomu ya chipani!"

"Si za chipani, ndi za madzi."

"Madzi anavota liti? Lamulungu anthu podutsa kupita kutchalitchi aziti banja lonse lakhamukira uko. Kenaka abwere eni nsanza, ati munda ndi wawo."

Amayi anali atafika kumbuyo kwanga, mtolo wa nkhuni uli pamutu. "Alongo, nanga chigwembechi n'cha chipani chiti? Chimangodyatu osafunsa khadi."

Atsibweni anaseka pang'ono, koma zikhomo sanabweze. Anatsika nazo, ati akakolezera moto.

Sindikuwada. Chivotereni, kwathu kuno ngakhale mpango wa kumutu anthu amayamba auyang'ana mtundu asanakupatse moni. Koma alangizi anati abweranso mwezi wamawa, ali ndi midzi yambiri mpaka ku Chezi. Mvula siidikira mwezi wamawa.

Ndinazungulira munda wonse nditawerama, kufunafuna timaenje momwe munali zikhomo. Tina tikuonekabe. Tina mbuzi zapondaponda, makamaka pafupi ndi chigwembe, pomwe pakufunika kwambiri. Nditabwerera kunyumba ndinatsegula buku la jogalafe, ndinatseka. Ndinasesa pakhonde posesa kale. Kumapiri kunagunda kamodzi, ndipo ndinathamangira panja ngati pali chomwe ndingachite.

Amayi akuti ndikhale pansi, ndikuwazunguza mutu.

Mawa kulibe sukulu. Ndilawirira mbuzi zisanatuluke, ndikazike phesi m'kaenje kalikonse kotsala. Phesi palibe angaliope. Kenaka ndidula nsungwi zitatu, ndimange chilembo changa, mwala ndi chingwe zilipo. Pomwe timaenje tafafanizika ndiyeza ndekha monga ndinaonera. Koma chida chija chimafuna anthu awiri, wogwira ndi wokhoma. Ndipita kwa atsibweni, ndikagwade pakhomo, ndiwapemphe kuti wokhomayo akhale iwo. Akafuna nsanza, mtundu asankhe okha.