Foloko Imene Ndinadula

Pa mtundu wawo wonse, Bouzekri ndi mwamuna yekhayo amene sanapite ku Italiya. Akulu ake awiri anapita, mng'ono wake Maati anapita, ngakhale mlamu wake wopepera uja anapita n'kubwerako ndi galimoto. Iye anatsala kuno ku tawuni yathu ya Fkih Ben Salah ndi mayi ake okalamba, chifukwa wina ankayenera kutsala, ndipo palibe anamufunsa ngati akufuna.

Ntchito yake inali yotsegula ndi kutseka zitseko za madzi m'ngalande zothirira minda. Zaka makumi atatu ankayenda m'mbali mwa ngalandezo pa chinjinga chakuda cholemera, kiyi wamkulu wa zitsekozo atamumangirira kumbuyo. Alimi ankamunyengerera ndi mazira kuti awatsegulire madzi nthawi yawo isanakwane. Mazirawo ankawakana, tiyi ankamwa, chitseko ankatsegula pa ola lake. Anali munthu wosayankhulayankhula, wa miyendo yakuda ndi dzuwa.

Ine ndine Hammadi, wokonza njinga. Anthu amanditcha maalemu, ndiye kuti katswiri wa ntchito, ndipo sindinakanepo dzinalo. M'tawuni muno wodziwa njinga zampikisano ndinali ine ndekha. Tepi yopimira sindinkaigwira, ndinkapima ndi diso ndi zala. Munthu akabwera ndi tepi yake ndinkamufunsa ngati akufuna ndimusokere buluku.

Lamlungu lililonse m'mamawa okwera njinga zampikisano ankakumana pakhomo pa shopu yanga, n'kunyamuka ulendo wa kuphiri la Afourer. Bouzekri ankawatsatira pa chinjinga chake chija.

"A Bouzekri, thirakitala yanuyo mwaithira dizilo?" ankamuseka choncho.

"Dizilo ndamwa ndekha. Inu thawani ndingakupondeni."

Ndipo m'chigwa monse sankamusiya, Wallahi, ndikulumbira! Koma akafika m'tsinde mwa phirilo, pamene msewu umayamba kupindika kukwera, chinjingacho chinkakana. Ankatsika, kuwayang'ana mpaka abisike, n'kubwerera yekha. Chimene ankafuna pa moyo wake chinali chimodzi: kukwera phiri limenelo, ngakhale kamodzi, pa njinga yakeyake yampikisano.

Mwezi wa Ogasiti, pamene anthu athu onse okhala ku Italiya amabwera kudzationetsa magalimoto, Maati anabwera ndi chigalimoto chake chakale chotsokomola. Iye anali womanga nyumba mumzinda wa Torino ku Italiyako, wa manja ong'ambika ndi simenti, osati wa gulu lovala mawotchi akuluakulu. Anatsitsa chinthu chokulunga m'bulangete n'kuchipereka kwa mkulu wake pamaso panga.

Inali felemu ya njinga yampikisano. Felemu yokha basi, ya buluu, yatsopano, ndi foloko yake yonyezimira. Mkulu wina wopanga mafelemu anali atatseka shopu yake, ndiye Maati anagula yotsalayo. Ndinainyamula ndi chala chimodzi. Bouzekri anaigwira, anaibweza pansi, anaigwiranso, kenaka anatuluka panja kukamina.

Ndinamuuza zoona tsiku lomwelo. "Felemu ya ku Italiya ndi yamakani, a Bouzekri. Mazinga ake ndi ena. Zitsulo zodzaza pamsika pathu pano n'za njinga za ku Falansa, ndipo umu sizilowa. Mukakakamiza, mwaononga. Chilichonse chichokere komweko, komanso chigwirizane ndi chinzake."

"Tidikira," anatero.

Tinadikiradi. Ine ndinkalemba pa kapepala chitsulo chofunika, Bouzekri ankatumiza kwa Maati, Maati ankabwera nacho mu Ogasiti. Chaka choyamba kunabwera mapedulo ndi chitsulo chapakati chimene amazungulirapo. Chaka chachiwiri kunabwera malimu ndi mahabu, masipoko ndinaluka ndekha masiku atatu. Chaka chachitatu kunabwera magiya, mabuleki ndi tcheni chopyapyala chogwirizana ndi mano a magiyawo, pakuti tcheni cha kuno chinali chonenepa ndipo chinkakhula. Felemuyo inkakhala yopachika m'shopu mwanga. Lachisanu akachoka ku mzikiti, Bouzekri ankadutsa kudzaipukuta fumbi asanapite kukadya kusikusi, chakudya chathu cha tirigu, kwa mayi ake.

"Mkazi wachiwiriyu mumamusamala bwanji!" ndinkatero.

"Uyu sayankha, maalemu. Ndiye ubwino wake."

Chaka chachinayi kunatsala chinthu chimodzi: zapakhosi. Ndi timbale tiwiri tokhala ndi timipira tachitsulo, ndi nati yomangira pamwamba. Zimenezi ndi zimene zimagwira foloko m'felemu kuti chiwongolero chizitembenuka. Foloko yatsopano imabwera ndi paipi yaitali, ndipo wokonza amaidula molingana ndi kutalika kwa zapakhosizo. Munthu wanzeru amayamba wazigwira m'manja, n'kupima, kenaka n'kudula. Izi ndinkazidziwa ndisanamere ndevu.

Koma kutatsala sabata kuti Maati afike, ndinaganiza zokonzeratu zonse, kuti iye akangofika timange, Lamlungu lake Bouzekri akwere phiri. Cholinga chinali chabwino, koma ndisakunamizeni, matama analiponso. Okwera njinga awiri anali m'shopumo, ndipo mmodzi anati, "Maalemu, osadikira kaye chitsulocho?" Zinandinyansa. Ndinalowetsa foloko m'felemu, kuika zala ziwiri pamwamba, kulemba chizindikiro ndi msomali, n'kutenga sowo. Mphindi zitatu zokha, ntchito yatha.

Maati anafika Lachinayi masana. Nkhani inali itamveka, ndiye pashopu panadzaza anthu: okwera njinga, alimi, ndi a ku Italiya ena ongodzaonerera. Wina anabweretsa tiyi. Bouzekri anabwera atavala malaya oyera. Maati anandipatsa kabokosi akumwetulira, ine n'kutsegula. Zinali zapakhosi zabwino zedi, zenizeni, zofanana ndendende ndi zimene ndinalemba pa kapepala.

Ndinakhomera timbale, kupaka girizi, kuika timipira, kulowetsa foloko. Nditafika pa nati yapamwamba, inangozungulira m'malere. Panalibe mazinga oti igwire. Paipi inali itaperewera, pang'ono pokha, ngati kunenepa kwa chala chaching'ono.

Ndinadziwa pomwepo kuti ndinadula kwambiri, ndipo chitsulo ukachidula sichimeranso. Maso onse anali pa manja anga. Ndinachotsa natiyo, kuiyang'ana uku ndi uku ngati ndikuifufuza, n'kuiponya patebulo.

"Izi si zake," ndinatero. "Ndi za njinga ina. Maati, wakugulitsa ndani zimenezi? Kapena wangotola zotchipa pamsika?"

Abale, mawu amenewa anatuluka pakamwa panga ine. Palibe anandikakamiza.

Maati anatutumuka. "Maalemu, ndinapita ndi pepala lanu lomwe lija. Wogulitsayo anawerenga yekha."

"Ndiye ukuti wolakwa ndi maalemu?" anafunsa wina, anthu n'kuseka. Kunali kosatheka kuti ine ndilakwe.

Ndinali ndisanamvepo Bouzekri akukweza mawu. Tsiku limenelo zonse zimene anasunga mumtima zaka makumi atatu zinakhutuka.

"Iwe Maati! Chinthu chimodzi chokha ndakutuma!"

"Achimwene, mverani..."

"Ndimvere chiyani? Inu mumapita, ine ndimatsala. Amayi akadwala ndi ine, denga likadontha ndi ine. Inu mumabwera mwezi umodzi kudzatiponyera zotsala ngati agalu. Wotsala kumudzi n'chitsiru, eti? Angolandira chilichonse?"

Maati anayang'ana pansi. Anatola kabokosi kaja, kubwezeramo zitsulo chimodzichimodzi, n'kutuluka osatsanzika. Chaka chimenecho anabwerera ku Torino masabata awiri nthawi yake isanakwane. Ine ndinatsala ndikupukuta girizi m'manja, n'kumauza anthu kuti ogulitsa a ku Italiya nawonso amabera anthu.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'choti vutolo linali losavuta. Kungopeza foloko ina, basi. Kapena kupita nayo yomweyo kwa owotcherera a ku Casablanca kuti alumikize paipi ina. Mwezi umodzi njinga ikanakhala pamsewu. Koma kuti ndinene za foloko ndinkayenera kuyamba ndanena kuti ndinadula ndine. Sabata yoyamba ndinati ndimuuza Bouzekri mtima wake ukaphwa. Chaka chitatha ndinati nthawi yapita, ndiyambira pati. Ndinachita mantha, osati ndi Bouzekri, koma ndi kuseka kwa anthu pakhomo pa shopu yanga.

Maati ankabwerabe mu Ogasiti, koma ankafikira kwa apongozi ake. Akapita kukaona mayi awo ankasankha nthawi imene mkulu wake ali ku ngalande. Mayiwo atamwalira, abale awiriwa anaima mbali ziwiri za manda, n'kugwirana chanza ngati anthu okumana pa basi. Bouzekri sanatumizenso kapepala. Ndinamuuza kuti titume wina, iye anati, "Ndatopa n'kupempha, maalemu." Anapuma pa ntchito, mawondo anayamba kuvuta, ndipo za Lamlungu zija anazisiya. Felemu ankabwerabe kudzaipukuta, koma nthabwala zinatha.

Panapita zaka zisanu ndi chimodzi. Kenaka tinamva kuti Maati wagwa ali pa ntchito, mtima waima. Anzake anasonkherana, thupi linabwera pa ndege, tinakamuika pafupi ndi mayi ake. Ndinanyamula nawo malirowo.

Patatha masiku khumi, m'mawa ndikutsegula shopu, Bouzekri anafika wapansi atakumbatira chitini cha mabisiketi. Anachiika patebulo n'kuvundukula. Munali timitolo tokulunga m'nyuzipepala za Chitaliyana. Ndinamasula kamodzi: zapakhosi. Kachiwiri: zapakhosi. Zinalipo zisanu ndi zinayi, zosiyanasiyana, zina zatsopano, zina zakale zozitsuka bwinobwino. Pansi penipeni panali kabokosi koyamba kaja.

"Mkazi wake wandipatsa," anatero Bouzekri. "Akuti Loweruka lililonse ankayendayenda m'misika ya zitsulo zakale. Akapeza china ankagula, koma akafika kunyumba ankayamba kukayika. Ankati sangabwere nacho mpaka atatsimikiza, sakufuna kundikhumudwitsanso." Anakankhira chitinicho kwa ine. "Ndinamulakwira pomukalipira pagulu, maalemu. Munthu amalakwitsa. Tayesani izi, chimodzi chikhala chake ndithu. Ndikwere ngakhale mokankha, aone kuti sanavutike pachabe."

Mukudziwa chimene ndinachita? Ndinatsitsa felemu, n'kuyamba kuyesa. Inde, ndinayesa, ndikudziwa bwino lomwe kuti palibe chingagwire. Choyamba, nati inazungulira m'malere. Chachiwiri chimodzimodzi. Bouzekri anaima pambali panga, akundipatsira chimodzichimodzi ndi manja awiri, n'kumati, "Bismillah, m'dzina la Mulungu." Pa chachinayi ndinaika nati pansi.

"A Bouzekri, khalani pansi."

"Ndaima bwino. Chavuta n'chiyani?"

"Palibe chimene chigwire apa. Vuto si zitsulozi ayi. Foloko ndi yaifupi. Ndinaidula ndine, Maati asanafike, osapima. Ndinadziwa tsiku lomwe lija."

Anayang'ana paipi ya foloko ija, kuigwira pamwamba ndi chala chake, kumene sowo yanga inadutsa. Kenaka anapisa m'chitini n'kutulutsa kabokosi koyamba.

"Ichi chinali chake?"

"Chinali chake."

"Chenicheni?"

"Chenicheni. Sanalakwitse kalikonse."

Ndinkafuna andimenye. Sipanala inali pomwepo patebulo, ndipo ndikanaweramitsa mutu. Koma iye anangokulunga timitolo tija mmene tinalili, kutibwezera m'chitini, n'kutseka. Anakoleka felemu paphewa, foloko m'dzanja.

"Foloko ina ipezeka," ndinatero mothamanga. "Ndipita ndekha ku Casablanca mawa. Lamlungu likubwerali mukwera, ndikulumbira."

Anatembenuka ali pakhomo. Maso anali ofiira, koma mawu anali otsika.

"Hammadi," anatero. Aka kanali koyamba kunditchula dzina. "Phirilo lisiye. Ine ndinamutukwana mwana wa mayi anga pamaso pa anthu, iwe uli chilili pamenepo ukupukuta manja. Ukapita ku Casablanca, ukandifunsireko kumene ndingakamupeze kuti ndimupepese."