Vidiyo ya ukwati wa makolo anga yatuluka anthu onse opindika

Ndapita kanayi ku situdiyo ina pa boma la Petauke. Ulendo uliwonse yankho latsopano, koma vidiyo ndi yomweyo. Lelo ndatopa. Imvani nonse.

Atate ndi amai anakhala limodzi zaka zoposa makumi anayi osadalitsa ukwati wao m'chalichi. Anakwatilana kwao ku Mozambiki, nkhondo inawathamangitsa, ndipo itatha anasankha kutsala kuno n'kumalima. Chaka chino titakolola nshawa, atate anati, "Ndifuna ndikaime ndi amai anu pamaso pa abusa maondo akali kundilola." Mlongo wao, azakhali athu, ali ku Tete ndipo sayenda. Tinagwilizana zojambula vidiyo kuti nawonso aone.

Ndinapalasa njinga kuchoka ku Kalindawalo mpaka pa boma. Ndinawauza bambo a situdiyoyo kuti anthuwa ndi okalamba, izi sizidzachitikanso. Ati ndisade nkhawa, kamela yao ndi ya maukwati a ku Lusaka. Ndinalipila zonse tsiku lomwelo.

Mapemphelo anayamba 9 koloko. Bambo aja anafika 9:40 pa njinga yamoto, honda, kamela ili m'khosi. Ku situdiyo ndinaona choimikapo kamela, chija cha miyendo itatu, chitatsamila khoma. Nditafunsa kuti chili kuti, ati ndi cholemela, katswili safuna ndodo.

M'chalichi anaima kumbuyo kwenikweni, n'kumakoka chithunzi patali. Kwaya ikayamba, kamela ku kwaya. Abusa akatsokomola, kamela kwa abusa. Potuluka, atate ndi amai anakwela ngolo ya ng'ombe imene tinakongoletsa ndi zitenje. Katswili wathu anakhala chafutambuyo pa honda ya mnzake n'kumajambula honda ikudumpha m'maenje. Ine ndinkati ndiye ukatswiliwo.

Patapita masabata atatu atate anadwala chibayo. Masiku anayi okha, anatisiya.

Vidiyo inafika maliro atapita kale. Lamulungu masana tinasonkhana kwa aneba amene ali ndi wailesi ya kanema ya sola. Itayamba, makoma a chalichi anali opendekeka ngati akugwa. Mtanda unapindika ngati nzimbe. Nkhope ya atate inkatalika, n'kufupika, n'kumagwedela ngati nkhope ya munthu m'ndowa ya madzi ovundulidwa. Za pa ngolo zija munthu sungayang'ane osamva chizungulile. Amai anapenya mphindi zochepa, kenako anati, "Zimitsani. Awo si amuna anga." Anatuluka n'kukakhala kuseli kwa nkhokwe.

Lolemba 10 koloko ndinali pa situdiyo. Ati vuto ndi wailesi ya kumudzi, magetsi a sola sakwana. Lachitatu ndinabwelela, ndinati tionele pa kompyuta yao. Zomwezo. Apo ati okalamba amanjenjemela, kamela imangojambula chimene yaona. Ananena zimenezo kwa ine, mwana wa malemuyo, nditavala chakuda. Kodi khoma la chalichi nalonso ndi nkhalamba? Mtengo wa mango wa pabwalo unagwidwa nyamakazi liti? Ulendo wachitatu ati ndiye kajambulidwe ka masiku ano, ife akumudzi sitingakadziwe.

Ndinatsala pang'ono kukhulupilila kuti mwina ndine mbuli. Msuweni wanga ndi amene ananditengela ku Nyimba, kwa amai Daka, aphunzitsi amene amajambula zochitika za pasukulu pao. Amai Daka anaonela kwa mphindi imodzi yokha n'kupukusa mutu.

"Anajambula ali pa chinthu choyenda, eti?"

"Pa honda," ndinatelo.

"Ndi m'chalichi anaigwila m'manja?"

Ndinavomela. Anandifotokozela kuti kamela zambili za masiku ano sizitenga chithunzi chonse nthawi imodzi. Zimachiwelenga mzele ndi mzele, kuyambila pamwamba kutsika pansi, mwachangu kwambili. Ukaitembenuza mofulumila, kapena ikamagwedezeka, pofika m'munsi chinthu chija chasuntha kale. Mutu utsala uku, miyendo ili uko. Ukakoka chithunzi patali uli nayo m'manja, ndiye zimanyanya. Mankhwala ake ndi osavuta: kuiimika pa miyendo itatu ija, kuitembenuza pang'onopang'ono, kusendela pafupi ndi anthu m'malo mokoka, ndi kutsika pa honda. "Aliyense wodyela kamela ayenela kudziwa izi," anatelo. Ndinafunsa ngati zingakonzeke. Anati zopendekeka pang'ono kompyuta imaongolako, koma izi zapitilila. Anandilangiza kuti ndikatenge zonse zimene zinajambulidwa tsikulo, ngakhale zimene anadula.

Lachinayi ndinakhala pa benchi ya situdiyo kuyambila 8 koloko mpaka 1 koloko masana. Ati zinafufutidwa. Sindinasunthe. Ati kompyuta yazima. Sindinasunthe. Atabwela anthu awili ofunsa za ukwati wao, bambo aja n'kuona kuti ndayamba kuwalonjela, zofufutidwa zija zinapezeka.

Tinazionela ndi amai Daka. Pakati pake pali mphindi zinayi zimene anataya. Chakudya chitafika, katswili anaika kamela pa tebulo osaizimitsa, n'kupita kukadya nkhuku. Mbali ina ya chithunzi yatsekeka ndi jagi ya thobwa. Koma kumbuyo kuli atate, ali bwinobwino, atavala jekete yao yotuwa. Akuchotsa minga m'nsomba n'kumaika mnofu m'mbale ya amai. Amai akuwamenya dzanja mwamanyazi, iwo akuseka. Palibe chopindika. Pa tsiku lonse lija, chabwino chinajambulidwa ndi tebulo.

Ndizo tatumiza ku Tete. Amai anaziona kawili, kenako anapempha kachitatu.

Tsono bambo, ndikudziwa kuti muwelenga izi. Munasiyilanji miyendo itatu ija? Ngati simunkadziwa zimene honda imachita pa chithunzi, munalolelanji ntchito? Ngati munkadziwa, munanamizilanji munthu wakufa kuti ndiye ankanjenjemela? Sindifuna vidiyo ina, palibe woti mukamujambule. Ndifuna mubwele ku Kalindawalo, mukhale pansi pamaso pa amai, muwauze kuti cholakwa chinali chanu. Dzina lanu ndalisunga mpaka Lachisanu.

Inu amene mukukonza ukwati kapena ubatizo, musanapangane ndi munthu, muuzeni akuonetseni vidiyo yathunthu imene anajambulapo, osati zithunzi za pakhoma. Mufunseni kuti kamela adzaiimika pa chiyani. Akakuuzani kuti choimikapo ndi cholemela, nyamukani. Ife tinali ndi tsiku limodzi lokha, ndipo tatsala ndi mphindi zinayi.