Kalata yanga inagwetsa chipinda cha amayi

Inu owerenga, ndinagwetsa chipinda cha amayi anga ondibereka ndi cholembera changa chomwe. Palibe anandilodza, palibe anandinamiza.

Ndine mayi wamasiye, ndinapuma ntchito ya uphunzitsi ndipo ndimakhala pa boma la Nyimba. Nyumba anamanga ndi malemu amuna anga malo ano akadali tchire, ndipo malire athu ndi a banja la a Daka anali mpanda wa nkhadze. Kumbuyo, kufupi ndi mpandawo, anawonjezera chipinda chimene amayi ankagona. Amayi saona, koma chipinda chimenecho ankachidziwa ndi manja.

Tsiku lina ndinamva kuti a Daka, mwana wa mwini malo woyamba, apempha chilolezo ku khonsolo kuti amange chigayo, ndipo amene ali ndi dandaulo alembe kalata. Mtima unandiwira. Chigayo pakhutu pa nkhalamba? Fumbi la gaga pa zovala zanga? Ine polemba makalata ndimadziwika, ngakhale ku mpingo amanditchula kuti mlembi wosatopa.

Ndisanalembe, a Daka anabwera okha, chipewa chili m'manja, n'kukhala pansi pa mtengo wa mango.

“Amai, napapata, osalemba ku khonsolo,” anatero mochonderera. “Tikambe chabe pano lelo, ise aŵili. Pali nkhani ya malile imene simuidziŵa.”

Ndinawadula pakamwa. Ndinawauza kuti zokambirana pansi pa mtengo zinatha kale, masiku ano ndi pepala ndi chidindo. Mumtima ndinkaseka kuti munthu wachita mantha, ndiye kuti wandibera malo. M'kalata ndinalemba za phokoso ndi fumbi, zimene zinali zoona, koma ndinawonjezera kuti chigayo chikulowa pa malo anga ndipo abwere oyeza malo adzatsimikize. Mawu amenewo ndinawadula mzere kunsi kawiri. Paja akuti ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo.

Oyeza malo anabweradi ndi makina awo. Ine ndinavala chitenje chatsopano, n'kuitana anzanga kuti adzaone a Daka akuchita manyazi. Anthu aja sanayang'ane n'komwe nkhadze zanga. Anakumba pakona, pafupi ndi msewu, n'kupeza chitsulo chokwiriridwa mu simenti, chizindikiro chenicheni cha malire. Atakoka chingwe, chinalunjika pakati pa zenera la amayi.

Ndinafunsa katatu ngati makina awo ali bwino. Theka lonse la chipindacho linali pa malo a a Daka!

Madzulo ake ndi pamene ndinamva kwa a Daka zimene ndinakana kumva. Amuna anga atafuna kumanga chipindacho anakapempha kwa bambo wa a Daka, n'kupereka tambala woyera, ndipo madoda awiriwo anasuntha nkhadze pamodzi. Sanalembe paliponse, ndipo ine sanandiuze. A Daka anauzidwa ndi bambo awo asanamwalire kuti nyumba ya aphunzitsi asadzaikhudze. Ngakhale pa pulani yawo chigayo anachikankhira kutali, mbali ya msewu, kuti wina asadzafunse za mpanda.

A Daka anayesa kuchonderera ku khonsolo m'malo mwanga. Koma chipindacho chinalibe chilolezo, chinadutsa malire, ndipo umboni unali pa tebulo, wopemphedwa ndi ine ndemwe. Ndinapatsidwa masiku oti ndichigwetse. Tsiku logwetsa, a Daka ndi amene anakwera pamwamba kuchotsa malata mosamala kuti asapindike. Sanandinyoze ngakhale liwu limodzi, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kutukwanidwa.

Kudandaula ku khonsolo si kulakwa, ndi ufulu wanu. Koma musanalembe, funani mapepala a malo anu, mudziwe pamene pali zitsulo za malire, chifukwa nkhadze zimayenda. Lembani zokhazo zimene mukuzidziwa. Ndipo mnansi akabwera chipewa chili m'manja, mpatseni mpando, amalize mawu ake.

Chigayo chinamangidwa, ndipo nane ndimagayitsa komweko. Amayi tsopano amagona pabalaza. M'mawa uliwonse amadzuka n'kumapapasa khoma, kufuna khomo limene ndinatseka ndi njerwa, kenako amandifunsa kuti, “Mwanangu, chipinda changu chayenda kuni?” Mpaka pano sindinawauze kuti ndine.