Mwendo Wakumanja wa Alamu Anga

Ine ndi amene ndinaphunzitsa tauni yonse ino kupalasa njinga. Ndili mnyamata ndinapikisanapo ndi sitima yapamtunda, tayala lakumbuyo litaphwa, pa kaliyala nditamangirira sofa ndi galu wa eni nyumba. Ndinafika pa siteshoni, kumeta ndevu, kumwa tiyi, kenako sitima ija n'kumatulukira ili wefuwefu kudzandipepesa. Chabwino, ndanama. Njinga ndinaphunzira imvi zitayamba kale, ndipo mawondo angawa ali ndi zipsera zochitira umboni. Wanjinga weniweni m'banja mwathu ndi alamu anga, amuna a malemu mlongo wanga. Nkhani yawo ndiifotokoza osathira mchere. Mwina kamchere pang'ono.

Alamu anali mesenjala pa kampani ina yogulitsa zitsulo zomangira nyumba. Analowa ntchito tsitsi lili bii, anatuluka mutu uli mbuu, ndipo zaka zonsezo ankapita ndi kubwera pa njinga imodzimodzi, yakuda, ya chishalo chouma ngati mtima wa landilodi. Anthu amati munthu ndiye amakonza njinga. Bodza limenelo, ndipo mabodza ine ndimawadziwa. Njinga ndi imene imamukonza munthu.

Kukacha, alamu asanapereke moni kwa aliyense ankatuluka panja kukayang'ana nsonga za mitengo kuti aone kumene mphepo ikuchokera. Ikakhala yakumaso, tsiku limenelo ana asapemphe kanthu. Akalowa m'nyumba ankatsina matayala onse awiri. Mlongo wanga ankadandaula kuti m'nyumba imeneyo tayala limatsinidwa m'mawa uliwonse, iye ayi. Njingayo inkagona kuchipinda, itatsamira khoma la kumiyendo, moti handulo inakumba kadzenje m'pulasitala. Tiyi ankamwa chiimirire, phazi limodzi pa khomo, ngati akudikira maloboti. M'nyumba mwawo momwe ankayenda chokhulana ndi khoma, kusiyira malo lole yomwe kunalibe. Munthu akawatsekera njira pamsika, chala chachikulu chinkagwedera chokha kuliza belu la m'maganizo. Ndinawaonapo ndi maso angawa akutambasula dzanja kusonyeza kuti akukhotera kuchimbudzi.

Koma chizindikiro chachikulu chinali buluku. Chotchingira tcheni chinathothoka kalekale, ndipo tcheni cha njinga imeneyo chinkaluma ngati galu wobereka kumene. Ndiye mwendo wakumanja wa buluku unkakhala wopinda, wolowetsa mu sokosi. Kuntchito choncho, kutchalitchi choncho. Pa chithunzi cha ukwati wa mwana wawo wamkazi, mphwanga ameneyu, onse aima mwaulemu, bambo a mkwatibwi ali mu suti yobwereka, mwendo umodzi ngati nduna, winawo ngati adokowe.

Chinthu chimodzi chokha ankachikana kwamtuwagalu: kunyamulidwa. Tcheni chikaduka panjira, mnzawo n'kuima kuti akwere kumbuyo, iwo ankakankha njinga yawo mpaka kunyumba. “Pa kaliyala pamakhala katundu ndi odwala,” ankatero. Mawu amenewa tinawamva mpaka kutopa nawo.

Musaganize kuti msewu unkawakonda. Anaukuza msewuwo iwo akuona, koma anakuzira agalimoto. Kamzere ka m'mphepete komwe ankadutsa kanadyedwa ndi mvula mbali ino, maminibasi mbali inayo. Makondakitala ankawatukwana, matope a magalimoto a mabwana awo omwe ankawathira pa shati yosita. Pa kampani magalimoto anali ndi mthunzi wa malata, pomwe njinga ya alamu inkamangiriridwa ku paipi kuseri kwa zimbudzi. Kenako kampani inagula njinga zamoto, n'kulemba anyamata a zipewa zolimba. Alamu anaitanidwa mu ofesi, anawagwira chanza, n'kuwapatsa wotchi yapakhoma. Munthu amene sanachedwepo chiyambire, kumupatsa wotchi tsiku lomwe nthawi yasiya kumufuna! Anaimangirira pa kaliyala n'kubwera nayo. Mpaka pano ili m'katoni yake pamwamba pa kabati.

Vuto ndi lakuti miyendo sinauzidwe zoti ntchito yatha. M'mawa uliwonse shati yosita, buluku mu sokosi, ulendo mpaka pa geti la kampani. Ankapereka moni kwa alonda, n'kutembenuka. Alonda akale atachoka, watsopano ankangowauza kuti, “Madala, ntchito kulibe kuno.” Iwo ankayankha kuti akudziwa, mawa lake n'kubweranso. Mlongo wanga atamwalira, ulendo umenewu ndi umene unkawadzutsa pabedi.

Ndiye kunabwera ng'ala. Maso onse awiri anachita chifunga, koma iwo sanauze munthu. Ankapalasa ndi mutu, chifukwa dzenje lililonse la msewu umenewo ankalidziwa ngati mwana wawo. Koma tauni sifunsa nkhalamba ikafuna kusintha. Anthu a mapaipi anakumba ngalande pomwe dzulo lake panali njira, ndipo alamu analowamo chamutu. Anawabweretsa anthu achifundo, chibwano chitang'ambika, iwo akufunsa ngati masipoko apindika.

Tsiku lomwelo mphwanga anafika kwanga pa galimoto yake, maso ali psuu.

“Malume, bodza ndi munda wanu. Lero mulime mothandiza.”

“Iwe, ine ndinanamapo liti?”

“Mawa ndikuwatenga bambo kukatsukitsa bala. Inu mukatenge njinga ija mukaibise kwanu. Mudzati yabedwa. Akadzawachita opaleshoni ya maso tidzaona.”

“Bwanji osangowauza kuti asiye?”

“Munayamba mwauzapo mvula kuti isiye? Ndaika mayi m'manda, malume. Sindikufuna kukatola bambo pansi pa lole.”

Mawa lake ndinaitenga.

Atabwera kuchipatala ndinawachingamira pa khonde ndi nkhani yophikaphika. Ndinati chinali chigulu cha akuba, mtsogoleri wawo wamtali ngati mlongoti wa magetsi, chipsera kuchokera pa khutu mpaka pa bondo. Ndinati ndinawathamangitsa mpaka nsapato zinayaka moto, mmodzi ndinamugwira kolala koma anavula shati ndi khungu lomwe. Masiku onse alamu ndikamakamba zanga ankandidula kuti, “Alamu, tsitsani pang'ono, denga lingaphulike.” Tsiku limenelo sanandidule. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kufunsa funso limodzi.

“Pampu anatenganso?”

“Anatenga.”

“Ndi bwino. Tayala lakumbuyo limaphwa pang'onopang'ono.”

Analowa kuchipinda. Ndinawaona pa zenera ataima, chala chili m'kadzenje ka pakhoma kaja.

Kuchokera apo munthu anayamba kutha tikuona. Mphepo anasiya kuifunsa. Tiyi anayamba kumwa atakhala pansi, n'kumusiya azizire. Tsiku lonse pa khonde, pampando wapulasitiki, mapazi akusinthana okha pansi pang'onopang'ono ngati akukwera chitunda. Kenako mapaziwo anatupa, nawonso anasiya. Buluku linagwa mofanana miyendo yonse, ndipo ndikuuzeni, palibe chinthu chomvetsa chisoni ngati alamu anga atavala bwino. Mphwanga ankawatenga Lamlungu pa galimoto kuti akapitidwe mphepo, magalasi atatseka. Pobwera ankangoti, “Tinapita kuti kodi?” Za opaleshoni, kuchipatala ankati bwerani mwezi wamawa, mwezi wamawawo ukafika n'kubereka unzake. Tinawapulumutsa ku lole kuti tiwaphe ndi mpando. Nditamuuza mphwanga zimenezi, anati bola pampando akuwaona.

Tsono njinga ija inali kwanga, kuseri kwa chitseko, ikundiyang'ana. Chitsulo chikangokhala chimachita dzimbiri, aliyense amadziwa. Ndinayamba kuizungulitsa pabwalo, chifukwa cha chifundo basi. Kenako kumsika. Kenako kulikonse, poti kudikira minibasi kuti idzaze kumakalambitsa munthu. Popita kukaona alamu ndinkaisiya kwa wometa tsitsi wa pakona, n'kumalizitsa wapansi ngati munthu wosalakwa.

Tsiku lina masana ndinawapeza pa khonde pomwe paja, nkhope ataloza kumsewu.

“Alamu, ndabwera ndi nkhani yotentha,” ndinatero ndisanakhale n'komwe. “Wakuba uja amuona kutali kwambiri, kuseri kwa mapiri. Akuti njinga anaipenta yofiira, anaiika injini ya chigayo, pano ikunyamula ng'ombe.”

“Ng'ombe.”

“Zamoyo, alamu. Zikumakhala pa kaliyala zitapinda miyendo.”

“Mwabwera bwanji kuno?”

“Wapansi. Miyendo yangayi ndi galimoto yokwana.”

“Wapansi, koma mukupuma ngati munthu wakwera chitunda cha pa sitolo ya matayala mphepo ili kumaso. Lero ikuchokera kumeneko. Ndaimva pa tsaya.”

“Ndi ukalamba, alamu.”

“Ndipo pokwera masitepe apa mwaponda motang'adza. Chikukupwetekani n'chiyani kumbuyoko?”

“Chithupsa.”

“Chithupsa chimenecho ndikuchidziwa. Chimatha munthu akazolowera chishalo. Tasenderani kuno.”

Ndikanathawa, koma munthu wamkulu kuthawa wakhungu n'zamanyazi. Ndinasendera. Anawerama movutikira, dzanja likufufuza bondo langa lakumanja, n'kutsika mpaka kumpendero wa buluku. Pamenepo nsalu inali yotafunidwa, yakuda ndi girizi. Anaipapasa ndi zala pang'onopang'ono, kenako ananunkhiza zalazo. Kwa kanthawi nkhope yawo inawala ngati munthu wamva mawu a m'bale wake amene anamwalira kale.

“Mano awa ndi a tcheni changa,” anatero. “Wakuba wamtali ngati mlongoti uja wafupika bwanji?”

“Alamu, galu wa aneba ndi amene...”

“Tsitsani, alamu. Denga laphulika kale.” Anapukuta zala pa shati yawo. “Zaka zonsezi mwakhala mukuseka mwendo wangawu, osaphunzirapo kanthu. Kuba mwaba, koma kupinda buluku kwakukanikani. Anakutumani ndi mwana wanga?”

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyambe nkhani ina.

“Musayankhe, mungawonjezere lina. Ndinadziwa tsiku lomwe lija. Wakuba weniweni satseka chitseko potuluka, ndipo sabwezera kiyi pansi pa mwala.” Anatsamira mpando, maso achifunga aja ali kumsewu. “Ndimangodikira kuti mwa anthu awiri amene ndatsala nawo, ndani ayambe kundiuza zoona. Palibe.”

Anawerama kachiwiri, n'kupinda mwendo wakumanja wa buluku lawo. Sokosi inakana kukwera pa phazi lotupa, koma anaikakamiza.

“Pitani mukaitenge kumene mwaibisako. Mupope tayala lakumbuyo, mundiperekeze ku geti la kampani. Ine ndikhala pa kaliyala. Katundu ndi odwala, si ndinkanena ndekha? Ndipo panjira mukhale chete, alamu. Mabodza anu andikwana.”