Mayi Agata Pyo ndi Magazi a Mdani Wawo

Akhristu ambiri a parishi yathu kuno ku Mokpo ankawadziwa mayi Agata Pyo Geum-rye ngati mayi wachete wosesa m'tchalitchi Loweruka lililonse. Ochepa ndiwo ankadziwa moto umene unkayaka mumtima mwawo.

Anabadwa mu 1953, mwana woyamba wa mayi wogulitsa nsomba kudoko. Bambo awo atamira panyanja, mayi Agata ndiwo analera mlongo wawo Sang-gil, kumubereka kumsana popita ku Misa. Atakula, iwo anayamba ntchito yotsuka mabotolo m'labotale ya chipatala china, ndipo anaphunzira mpaka kukhala woyeza magazi. Aliyense watsopano pantchito ankamuuza kuti, "Magazi sadikira munthu. Alekanitseni msanga, madzi achikasuwo muwaike m'firiji aundane. Mukawasiya pofunda, kachilombo kamaonongekera m'botolo, makina nkuwerenga bodza."

Mu 1998 Sang-gil ankalandira jakisoni wa matenda a chiwindi. Magazi ake anatengedwa tsiku loti mawa ndi chikondwerero cha zokolola, mayi Agata atapita kukalambula manda a makolo. Mkulu wa labotale, Dokotala Noh Pil-gu, pothamangira kwawo anakhoma chitseko mabotolo ali patebulo pafupi ndi zenera. Anakhala pamenepo masiku atatu. Pobwerako anangowayeza osauza munthu, ndipo makina sanapeze kachilombo ka matendawo. Jakisoni anaimitsidwa.

"Achemwali, ndachira!" anatero Sang-gil, akulowa m'nyumba ndi nkhanu zodzaza ndowa. "Lero muphike ngati kuli ukwati."

Mayi Agata anapereka Misa yothokoza. Patatha zaka ziwiri mimba ya Sang-gil inatupa, maso anachita chikasu, namwalira. Pamaliro pomwepo mayi wina wokolopa m'labotale anawanong'oneza zimene anaona pazenera paja.

Mayi Agata anapita kwa Dokotala Noh. "A Dokotala, magazi a mlongo wanga anagona pati?"

"Wotsuka mabotolo wayamba liti kufunsa madokotala?" anayankha Noh, osakweza ndi mutu womwe. "Mlongo wakoyo wapita ndi mowa. Tuluka."

Sang-gil anali asanalawepo mowa chibadwire.

Kuyambira tsiku limenelo kolona ya mayi Agata inasanduka mkwapulo. Mkanda uliwonse ankautchulira dzina la Noh. Kwa wansembe wathu wa nthawi imeneyo, Bambo Maeng, anakanena kuti, "Bambo, ndimapempha Mulungu kuti chiwindi cha munthu uja chiwole iye akuona."

"Nanga mukulapa, mayi?"

"Ayi. Ndangobwera kudzanena."

Pokana kunamiza Mulungu, anasiya okha kulandira Ukaristia. Misa sankajomba, odwala sanaleke kuwayendera, koma ena akamapita kuguwa iwo ankatsala atagwada pabenchi lakumbuyo.

Mu 2012, Lachisanu lina m'chilimwe chotentha, anawabweretsera botolo lolembedwa kuti Noh Pil-gu. Mkulu uja, tsopano nkhalamba yopuma pantchito, anali atagonekedwa ndi matenda omwewo. M'labotale munalibe wina. Mayi Agata anaika botololo pazenera, padzuwa. Likanakhala pamenepo mpaka Lolemba, makina akanati munthuyo alibe kanthu, madokotala nkumubweza kwawo kukafa pang'onopang'ono. Anakhala pansi nkumaliyang'ana, mtima ukuwakomera zedi. Belu la tchalitchi linalira la masana. Anafuna kupemphera monga ankachitira tsiku lililonse, koma pemphero linakana kutuluka botololo lili padzuwa. Anadzuka akulira ndi ukali, nalekanitsa magaziwo, nawaika m'firiji.

Zotsatira zitatuluka anapita nazo okha kuwodi.

"Tizilombo tanu ndi iti, a Dokotala, mamiliyoni atatu. Nambala yoona imeneyi. Ya Sang-gil sitidzaidziwa."

Nkhalambayo inatembenukira kukhoma.

"Landirani mankhwala," anatero mayi Agata. "Mukhale ndi moyo wautali, muzikumbukira."

Noh anachira, nakhalanso zaka zisanu ndi zinayi osapepesa. Akhristu anzawo a mumphakati akamawayamikira, mayi Agata ankakana. "Musandiyese woyera. Sindinamukhululukire. Ndinangosunga magazi ake monga ndimasungira a wina aliyense."

M'nyengo ya Lenti chaka chino anadwala chibayo. M'mawa wa tsiku lawo lomaliza, wansembe atabwera kudzawadzoza, anamugwira dzanja.

"Bambo, munthu uja ndamusiya. Ndatopa naye. Akamuweruze Mulungu mwini wake."

Analapa, nalandira Ukaristia koyamba patatha zaka makumi awiri ndi zisanu. Anapempha kuti awatsegulire zenera lakunyanja, ndipo dzuwa lisanafike paliwombo anatsirizika ngati wogona tulo.

Ife amene timati tidzachita chilungamo mtima ukadzazizira, tiwakumbukire mayi Agata, amene anachita chilungamo mtima ukadali moto. Ause mumtendere.