Nyimbo za Bambo mu Chingambwe

Dzana pa Kamwendo wakabaza wina anayatsa chingambwe pafupi nane, ndipo fungo la pepala lopserera linandibweza kwathu ku Mavwere.

Bambo anali ndi mapepala a nyimbo zachikondi za m'zisudzo za azungu, osindikizidwa kunja. Pachikuto panali mayina atatu a anthu amene anakhalapo eni ake: la dona wa ku esiteti, la wansembe amene anawaphunzitsa kuyimba limba, ndi lawo, lolembedwa ndi pensulo. Timadontho takuda ta pamizere ya m'mapepalamo ine ndinkatiyesa mbululu. Bambo akatiyang'ana n'kuyamba kuyimba motsitsa, mayi ankasiya kutonola chimanga.

Bambo anali mkamwini m'mudzi mwathu. Atamwalira, mkulu wawo anabwera ndi ngolo, natenga njinga, mbuzi, ngakhalenso mapepala aja.

"Alamu, mapepalawo musiyireni mwanayu," anapempha mayi.

"N'za kwathu izi. Kodi inu mudziwa kuziwerenga?"

Anang'amba tsamba pomwepo, napichiramo fodya. Ine ndinakhala pansi pafupi ndi mapazi awo, kudikira kuti nyimbo ya bambo ituluke ndi utsiwo. Iwo anangotsokomola, nalavula.

Tsopano ndamera imvi, ndipo nyimboyo sindiyikumbukanso. Dzina lachinayi pachikuto chija likanakhala langa.