Kamakina Kokana Kufika pa Ziro

Ndikukumbukira chaka chimene mpunga unachedwa kucha kwathu, kufupi ndi mtsinje wa Bua. Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi. Chaka chimenecho ndi pamene mlongo wawo wa amayi, amalume Saidi, anabwera kuchokera ku Joni atanyamula chikwama chimodzi ndi laputopu yakale yobenthuka pakona. Kumeneko ankakonza makompyuta m'sitolo ya munthu wina, ndipo anadziphunzitsa okha kulemba mapulogalamu. Chimene chinawabweza chinali matenda a shuga, amene anali atayamba kuwawononga maso. Ankati akamayang'ana munthu, zimakhala ngati akumuonera kuseri kwa utsi wowambira nsomba.

Loweruka lina m'mawa anandipeza pakhonde ndikusisita mabatani a laputopuyo.

"Hawa, ukufuna masewera kapena ukufuna kupanga chinthu?" anandifunsa.

"Chinthu chanji, amalume?"

"Kompyuta ina, yaing'ono, yokhala m'mimba mwa iyi. Yomvera mawu ako okha."

Anandituma kukatenga mbale zamalata za amayi ndi khala limodzi. Pa mbale iliyonse ndinkalemba nambala, n'kuisanjika pamwamba pa inzake. Iwo ankati sitaki, ine ndinkangoti mulu. Lamulo la muluwo linali limodzi: ukafuna kuika mbale, ika pamwamba, ukafuna kutola, tola yapamwamba. Yapakati kapena yapansi osaikhudza.

Kenako tinapeka mawu amene kamakina kangako kazimva. IKA, kaike nambala pa mulu. PHATIKIZA, katole ziwiri zapamwamba, kabwezepo yankho. CHOTSERA chimodzimodzi. ONETSA, kalembe yapamwamba pa galasi. LUMPHA, kabwerere m'mbuyo ngati yapamwambayo si ziro. IMA, kapume. Liwu lililonse tinalipatsa nambala yake, chifukwa amalume anati kamakina sikawerenga Chichewa, kamangotafuna manambala, imodzi imodzi, ngati nkhuku yotola mpunga pabwalo. Ntchito yanga inali kulemba, m'chiyankhulo cha Python chimene ankandiphunzitsa, kamtima ka kamakinako, kobwereza ntchito imodzimodzi: tenga nambala, ona kuti ndi lamulo lanji, lichite, sunthira pa lotsatira.

Amayi sanaletse, koma anati mbalame sizidziwa kompyuta. Choncho ndikaweruka kusukulu ndinkakakwera pansanja pakati pa munda wa mpunga, chingwe cha zitini zoingitsira mbalame chili m'manja. Masana amenewo ndimawakumbukirabe ngati maloto. Mpunga unkaweyuka ngati nsalu yoyanikidwa, fungo la matope ofunda likukwera, kutali uko asodzi akuitanizana pa mathiriro a mtsinje. Ine thupi lili pansanja, mutu uli m'kamakina. Ndinkaona mitambo itasanjikizana kumapiri, n'kumaganiza kuti nditola wapamwambawo ndiuphatikize ndi wapansi pake. Mpheta zinkatera, kudya, n'kunyamuka zokha ndisanakoke chingwe.

Laputopuyo tinkaitchajitsa kwa wometa wina amene anali ndi sola, ndipo moto wake sunkakhalitsa. Maso a amalume nawo ankapita. Poyamba ankakulitsa zilembo, kenako ankayandikiza nkhope mpaka mphuno kugunda galasi. Achipatala anawauza kuti mpunga ukakololedwa apite ku Lilongwe akawachite opaleshoni, koma sanawalonjeze kanthu. Mumtima mwanga ndinatsimikiza kuti asananyamuke, aone kamakina kanga kakuwerenga chobwerera kuchokera pa 5 mpaka pa ziro, n'kuima kokha.

Nditamaliza kulemba ndinadina batani. Pa galasi panatuluka 5. Kenako 4 wokhala ndi kamzere kutsogolo, wa kunsi kwa ziro. Kenako 5. Kenako 4 wa kamzere uja. Manambala awiriwo anapitiriza kusinthana, kutsika pa galasi ngati madzi a mumfuleni, osaima, mpaka moto unatha. Mawa lake zinali zomwezo. Ndinawerenga mizere yanga mobwerezabwereza, yonse inkaoneka yolondola.

"Amalume, laputopu yanuyi yakalamba," ndinatero, misozi ili m'maso.

Anaseka pang'ono. "Katengenso mbale zija. Lero kamakinako ukhala iweyo. Uiwale kuti ndiwe Hawa, uiwale masamu a kusukulu. Uziwerenga mzere mokweza, n'kuchita chimene walemba, osaonjezera."

Ndinakhala pamchenga pansi pa mtengo wa mango. Ndinaika mbale ya 5, pamwamba pake ya 1. Nditafika pa CHOTSERA ndinatola zonse ziwiri, dzanja langa n'kuthamangira kulemba 4.

"Dikira," anatero amalume, ngakhale sankaona chimene ndikulemba. "Wayamba kutola iti?"

"Ya 1."

"Nanga mzere wako ukuti chiyani?"

"Ukuti pa yoyamba kutolayo, chotsapo yachiwiri."

Ndinayang'ananso mbale ziwiri zija, khala lili m'manja. Ine ndinkafuna kuchotsa 1 pa 5, koma ndinalemba zoti kachotse 5 pa 1, poiwala kuti mbale yoikidwa pomaliza ndi imene imayamba kutoledwa. Kamakinako sikanalakwe ngakhale kamodzi. Masiku onsewo kankandimvera mokhulupirika, kupita ndi kubwerera pa malo amodzimodzi chifukwa ndinakatuma choncho.

Kukonzako kunali kungosinthanitsa mawu awiri. Nditadinanso batani, panatuluka 5, 4, 3, 2, 1, kenako bata. Ndinakuwa, n'kuwatengera laputopuyo pamiyendo. Anayandikiza nkhope, anapendeketsa mutu uku ndi uku, anapukuta maso ndi nsonga ya mkanjo wawo.

"Ndikungoona kuwala kokha, mwana wanga," anatero motsitsa mawu. "Koma ndakhulupirira."

Sindinkafuna kuti akhulupirire. Ndinkafuna kuti adziwe okha. Mawa lake ndinakwera pansanja mtima uli wolemera, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinakoka chingwe ndi mkwiyo. Zitini zinalira munda wonse, mpheta n'kubalalika ngati mankhusu. Ndinakokanso, pang'onopang'ono, ndikumvetsera. Kenako ndinatsika pansanja n'kuthamanga.

Kulira kwa zitini kuja kunandipatsa lamulo latsopano, limene ndinalitcha LIRA. Sindinawauze amalume. Ndinafufuza ndekha m'mene kompyuta imatulutsira kaphokoso, ndinalakwitsa kangapo, mpaka zinatheka. M'mawa wa tsiku la ulendo wawo, atachokera kumzikiti, anakhala pakhonde kudikira njinga yowatengera kumsewu. Ndinawapempha kuti angotchera khutu.

Kamakina kanalira kamodzi, kaliwu kakang'ono ngati ka mwanapiye. Amalume anapinda chala. Kanaliranso, anapinda china. Kanalira mpaka zala zonse za dzanja limodzi zinapindika. Anatambasula dzanja linalo, akudikira. Kunangomveka masamba a mango ndi mtondo wa anthu apafupi.

"Kaima," anatero. "Hawa, kaima kokha!"

Anaseka mpaka kutsokomola, amayi n'kutuluka m'nyumba ndi lichero kudzafunsa chachitika. Anandiuza kuti ndibwerezenso, ndipo wanjinga anadikira mpaka kamakina kataliranso kasanu.

Opaleshoni ija sinawabwezere maso. Anabwerako ndi ndodo, laputopu n'kundisiyira, ndipo zaka zimene anakhalabe ndi moyo ankandiitana kuti ndiwawerengere mokweza chilichonse chimene ndalemba.

Lero kulemba mapulogalamu ndiyo ntchito yanga. Phunziro la pamchenga lija, loti ndiziwerenga zimene ndalemba osati zimene ndimafuna kulemba, ndinaligwira msanga. Koma phunziro lachiwiri landitengera zaka kuti ndiligwire. Pulogalamu sikuti yatha chifukwa yayenda pamaso panga. Imatha ikamufika munthu amene ndamulembera, m'njira imene iyeyo angailandire, kaya ndi mayi wosadziwa kuwerenga, kaya ndi msodzi wa kafoni ka mabatani. Wina akandiuza kuti zimene ndapanga zamukanika, sindifulumira kumuphunzitsa. Ndimabwerera pampando wanga, podziwa kuti mwina pali lamulo limodzi limene sindinalilembe.